Wotinyamulira Maliro ku Bangwe Akufuna Kukaona Nyanja ya Mchere

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi kwathu ku Zingwangwa, n'kukasintha ku Limbe, ulendo wa ku Bangwe kwa mnzanga a Zuze. M'thumba la jekete ndinali nditapindira mapu a dziko la Mozambiki omwe ndinabwereka kwa mphunzitsi wina woyandikana naye nyumba. Mapuwo ndi a nthawi ya Apwitikizi, moti matauni ena alembedwa mayina amene eni ake anawataya kalekale. Koma misewu sisamuka, ndiye ndinati atithandizabe.

A Zuze ndi ine tinadziwana tili anyamata, tikugwira ntchito pa fakitale ina ku Chirimba. Ine ndinachokapo n'kuyamba zolembalembazi. Iwo anakhalabe mpaka pamene fakitaleyo inachepetsa antchito, ndipo kangachepe komwe anawatsanzika nako anagulira pikiapu yakale, yoyera mbali ina, mbali ina yofiira ndi dzimbiri. Ndiyo imawadyetsa. Imatuta njerwa, mchenga, makala ndi katundu wa anthu osamuka nyumba.

Tsono anthu awirife tapangana zimene ena akuti n'zamisala. Tikufuna kupita ku Beira pa galimoto imeneyi, kukaona nyanja ya mchere.

Ndikudziwa, mwafunsa kale mumtima: mukukaodako chiyani?

Sitikukaoda kanthu. Sitikukagulitsa kanthu. Kulibe ukwati, kulibe m'bale watiitana. Tikungopita kukaona, tikaona tibwerere.

Aliyense amene ndamuuza zimenezi amandiyang'ana ngati ndalawirira kumowa. Mlamu wanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Za azungu zimenezo," iye anatero. Mayi wina wa kutchalitchi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndisamubise, ngati ndi geni ya nsomba zouma ndimuuze nayenso alowemo.

Koma taganizani. Zaka zochepa zapitazo ulendo woterewu sukanalotedwa n'komwe. Kwa anzathuwo kunali nkhondo, ndipo msewu wa ku Tete unkayendeka ndi asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo. Kuno kwathu, ukati upemphe pasipoti, unkayamba wafotokoza bwino kuti kunjako ukukakumana ndi yani. Lero nkhondo ija inatha, othawa kwawo omwe tinkakhala nawo anabwerera, ndipo pasipoti ikutuluka popanda kukuyesa woukira. Chitseko chatseguka. Kodi n'kulakwa kusuzumira?

Ndinawapeza a Zuze atagona pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Atatuluka n'kupukuta m'manja, tinayala mapu aja pa boneti, mwala uku mwala uku kuopa mphepo. Chala chawo chodetsedwa ndi oyilo chinayenda kuchokera ku Blantyre kukafika kuchipata cha Mwanza, kuwoloka mlatho wa pa Zambezi ku Tete, kutsetserekera kumwera mpaka ku Chimoio, kenako n'kukhotera kum'mawa. Chinakaima pomwe pepala lasanduka lobiriwira ngati thambo.

"Za hotela muiwale, achimwene," iwo anatero, akumenya kumbuyo kwa pikiapu ndi chikhatho. "Hotela yathu ndi iyi. Tiyala mphasa, pamwamba pake matiresi, tikoka tenti. Mvula ikabwera tikhala kutsogolo ngati mabwana."

"Nanga chakudya?"

"Mbaula ilipo, makala ndi anga omwe. Inu mubwere ndi ufa ndi nyemba. Nsomba tikazipeza komweko, akuti kumeneko n'zosasowa ngati bonongwe."

Tinagwirizana kuti petulo tigawana pakati, popeza ndiye chilombo chachikulu masiku ano pamene kwacha ikungotsetsereka. Titenga tayala lapadera, fanibeluti, waya, mphira zomangira ndi chigubu cha madzi. Za chiyankhulo sindinade nkhawa. Makolo a Zuze anachokera kutsidya kwa Zambezi, ndipo a Zuzewo Chisena amachiyankhula ngati kumwa madzi, pamene ku Beira akuti ndicho chimamveka mumsika.

Anandipatsa lamulo limodzi lokha, nkhope ili gwa.

"Osapatuka pamsewu. M'tchire la kumeneko mukadali mabomba okwirira. Ngakhale mutapanikizika chotani, mutaye madzi mutaima pa tala pomwepo."

"Anthu akuona?"

"Manyazi amapola, achimwene. Mwendo sumera."

Tinali tikuseka zimenezi pamene pakhomo panamveka odi. Anali a Majawa, mkulu wa mpingo yemwenso ndi wapampando wa komiti ya maliro m'dera limenelo, ali ndi bambo wina wowaperekeza. Alamu, akazi awo a Zuze, anatulutsa mipando n'kukatereka tiyi.

Apa ndiyenera kukuuzani ntchito ina ya pikiapu ija imene sindinaitchule. Kumtunda kwa Bangwe kumeneko munthu akamwalira, chitseko choyamba kugogodwa ndi cha a Zuze. Ndiwo amakatenga thupi kunyumba yachisoni, kubwera nalo kusiwa, ndipo ngati malemuyo akukaikidwa kumudzi, ndiwonso amayenda ulendowo. Salipiritsa. Amangoti muthire petulo, ndipo nthawi zambiri petuloyo amakhala wopitira, wobwererera amaonera okha. Sindikufunika kukuuzani mmene matenda a masiku anowa achulukitsira maulendo otere.

Titapatsana moni, a Majawa anakonza kukhosi.

"Tamva mphekesera, a Zuze, ndiye tati tisamvere kumsika, tikamve kwa eni ake. Akuti galimotoyi ikutuluka kunja?"

"Ikutuluka, bambo. Mwezi wamawa."

"Kuli zovuta kumeneko?"

"Ayi, kulibe. Tikukangoyenda ndi achimwenewa, sabata ziwiri kapena kupitirirako pang'ono."

A Majawa anavula chipewa, n'kuyang'ana m'kati mwake ngati mawu otsatira ali mmenemo. Sanakweze mawu. Ndi bambo wofatsa, ndipo zimene ananena anazinena mwaulemu.

"Inu mukudziwa mmene tikukhalira kuno. Sabata sipita osamva kulira. Panopa Fanuwelo, kalipentala uja, mwana wa mayi Nachisale, ali kayakaya kuchipatala chachikulu. Amene akukamuona akubwerako atagwira pakamwa. Kwawo ndi ku Phalombe. Mayi ake amagulitsa tomato pamsewu, lole ya hayala aitenga kuti? Ife sitikukuletsani ayi, galimoto ndi yanu. Koma chaona mnzako chapita, a Zuze, mawa chiona iwe."

A Zuze anapitiriza kupukuta zala zomwe zinali zitayera kale. Ndawadziwa kuyambira unyamata, koma zimene anayankha ndinali ndisanazimvepo pakamwa pawo.

"Bambo, dziko lino ndaliyenda. Nsanje ndafika, Phalombe ndafika, Ntcheu, Mangochi, Dedza, konseko ndapondako. Koma mutandifunsa kuti Ntcheu ndi wotani, ndikuuzani za manda ake. Mudzi uliwonse ndimaudziwira njira ya kumasano. Ndikayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, chimene ndimaona ndi bokosi ndi amayi atafunda nsalu kumutu. Ambiri mwa anthu amene ndawanyamula ndi ana omwe ndinawaona akusewera mpira wachikulunga pamsewu apa. Sindikudandaula, ndipo sindikusiya. Ndangofuna ulendo umodzi woti ndikayang'ana pagalasi paja ndione mbaula ndi matiresi."

Bambo woperekeza uja anayang'ana pansi. A Majawa anavala chipewa chawo.

"Ndiye anthu tikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti ndibwerako."

Anatsanzika bwinobwino, koma tiyi uja anamusiya osamukhudza, ndipo inu mukudziwa tanthauzo lake mlendo akatero. A Zuze anadzuka kukawaperekeza. Atangokhota pa mpanda, alamu anabwera n'kukhala pa mpando umene a Majawa anasiya.

"Alamu, mupite nawo anzanuwa," anatero motsitsa mawu. "Musalole kuti asinthe maganizo. Inu simuwaona akabwerako kumaliro. Amatsuka galimotoyi ndi sopo, kutsukanso, kenako amakhala m'kati mwake chitseko chotseka, chakudya n'kuzizira patebulo. Kutchalitchi anasiya kuimba, akuti nyimbo iliyonse amaimvera kumbuyo kwa pikiapu. Ngakhale mwana wodzapempha moto akagogoda, iwo amadzidzimuka n'kuyamba kufunafuna makiyi. Ine mwamuna wanga ndikumuona akutha, koma poti sakutsokomola, palibe akuona kuti akudwala."

A Zuze atabwerako sanakhalenso pansi. Anachotsa miyala ija, n'kupinda mapu mosamala, n'kundipatsa.

"Mwina tidikire kaye, achimwene. Tione za mnyamata uja."

Ndinakwera minibasi yobwerera mtima uli zii.

Tsono owerenga anzanga, musafulumire kuwaweruza a Majawa. Ine sindingathe. Mlongo wanga atamwalira, thupi lake linapita kwathu ku Chiradzulu pa pikiapu yomweyi, ndipo ndikukumbuka mmene mtima unakhalira pansi nditamva kulira kwa injini yake pakhomo. Amene sanayendepo m'tauni muno kufunafuna galimoto, m'bale wake ali gone kunyumba yachisoni, sangamvetse mantha a bambo aja. Sanabwere ndi nsanje. Anabwera atasenza nkhawa ya mayi wogulitsa tomato.

Koma pali funso limene lakhala likundizunguza sabata yonseyi. Kodi ku Bangwe konse galimoto ndi imodzi?

Imani pa siteji m'mawa muwerenge ndi maso. Maminibasi achuluka ngati ngumbi, ndipo eni ake ena amagona komweko. Alipo amagolosale okhala ndi malole. Alipo mabwana atsopano omwe atulukira ndi mphepo ya matipateyi, amene pamaliro a munthu wodziwika amafika ndi galimoto zonyezimira n'kupereka chipepeso mokweza kuti onse amve. N'chifukwa chiyani komiti sipita kwa amenewo?

Yankho tonse tikulidziwa. Amenewo anakanapo kamodzi, ndipo tinawalemekeza n'kuwasiya. A Zuze anavomera kamodzi, ndipo sitinawasiyenso.

Ndi mmene timachitira. Dera lililonse lili ndi munthu wake wotere. Ku Ndirande alipo mayi amene amaitanidwa kukasambitsa mtembo uliwonse, poti ena onse amaopa. Ku Chilomoni alipo namwino amene akaweruka kuntchito amapeza mzere wina pakhonde pake. Pabanja lililonse alipo malume amodzi apantchito omwe ana onse amasiye amatulidwa pakhomo pawo. Timawatamanda anthu amenewa. Timati ndi a mtima wabwino, Mulungu anatipatsa. Koma chitamando chathucho chimasanduka chingwe, ndipo tsiku limene anena kuti ndatopa, timadabwa ngati bulu wayankhula.

Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Koma mwambiwu timaukumbuka pamene tikufuna thandizo. Ukapezeka mutu umene walola kusenza, tonse timachotsa yathu n'kuyamba kuomba m'manja.

Palinso china. A Zuze akanati akupita ku Beira kukaika m'bale wawo, a Majawa akanawapempherera pa ulendo. Akanati akukaoda mchere, anthu akanang'ung'udza pang'ono n'kumvetsa, poti munthu ayenera kudya. Chimene chawawa anthu si kuchoka kwa galimoto kokha. Ndi chifukwa chake. Akukangoyenda! Akukaona madzi!

Kwa ife ulendo ndi mavuto kapena phindu. Agogo athu anayenda wapansi kupita ku Halale ndi ku Joni kukasaka ntchito. Ena anawoloka malire kubwera kuno pothawa chibalo cha Apwitikizi. Amayi athu amakwera basi pokhapokha kukagwa zovuta. Alongo athu masiku ano akugona m'mabasi ndi zikwama zamizeremizere, kukaoda nsapato ndi mabulangete. Palibe mwa amenewa anayendapo kuti akangopuma, ndiye ifenso tinakula tikudziwa kuti kupuma n'kwa azungu ndi odwala. Munthu wabwinobwino akati ndikufuna kukapuma, timamufunsa kuti watopa ndi chiyani, ngati kuti ifeyo sitikumuona.

Tinaima pamizere italiitali kuvotera ufulu. Tili nawo ufulu wovala nsalu ya chipani chimene tikufuna, ufulu wotukwana boma mu minibasi, ufulu woyala malonda pakhonde la sitolo ya mwini. Koma ufulu woti munthu wosauka achoke pakhomo masiku ochepa popanda kupepesa kwa aliyense, umenewo sunali pa pepala lovotera. Umenewo timapatsana tokha, kapena kumanana tokha.

Ndinali nditayamba kale kuvomereza kuti ulendo wafa, ndipo mapu aja ndinafuna kukabweza. Koma Lachinayi masana a Zuze anatulukira kuntchito kwanga, atavala malaya a kutchalitchi, pasipoti ili m'manja.

"Tiyeni ku Limbe tikaime pamzere wa viza," anatero.

"Zatheka bwanji?"

"Ndinapita kuchipatala dzulo kukamuona Fanuwelo."

Anandifotokozera tili m'njira. Akuti anamupeza atatha zedi, mikono ngati bango, koma maso ali gwa ndipo nzeru zili zonse. Mayi ake anali atakhala pansi pambali pa bedi. Nkhani ya ulendo wathu inali itafika kale m'wodimo, pamodzi ndi mawu onse amene ananenedwa pakhomo pa a Zuze, poti ku Bangwe nkhani siyenda wapansi.

Fanuwelo atawaona anayesa kuseka. "Madala, mwabwera ndi galimoto? Mwafulumira, sindinakonzeke."

A Zuze akuti anasowa poyang'ana. Anayamba kunena zoti ulendo aulepheretsa, kuti asade nkhawa, iwo ali pompano. Koma mnyamatayo anawagwira dzanja.

"Ayi, madala, musandichite zimenezo. Ine ndikulimbana ndi matenda, ndiye ndizilimbananso ndi manyazi? Munthu akamakudikira ndi galimoto pakhomo, umachita manyazi kukhala moyo. Tsiku lililonse ndikadzuka ndizidzati ndawachedwetsanso a Zuze. Pitani. Ndikafuna kupita ku Phalombe inu kulibe, anthu adzaona chochita, sindidzagona pamsewu."

Mayi Nachisale akuti sananene zambiri. Anangoti, "Mwana wanga akadali moyo, bambo. Amene akumukonzera ulendo andisiyire kaye ndimudyetse phala."

Kenako Fanuwelo anawapempha chinthu chimodzi. Akuti kuyambira ali kusukulu sanakhulupirirepo zoti kuli nyanja yonse yathunthu yothira mchere, ankayesa aphunzitsi akuwonjeza. Ndiye anati amutungireko madziwo m'botolo, adzalawe yekha.

A Zuze anandiuza zimenezi akuyang'ana kutsogolo, manja onse pa chiwongolero. Titafika ku Limbe anaimika galimoto, n'kukhala kaye osatsika.

"Anthu andituma zambiri, achimwene," iwo anatero. "Wina mpunga, wina nsalu, wina wailesi. Onse ndawakana. Koma botolo ili ndilitenga."

Sindikunamizani kuti zonse zakhala bwino. A Majawa akuti apita kwa eni galimoto awiri a m'deralo. Mmodzi wakaniratu, akuti minibasi ikanyamula maliro anthu amaithawa. Winayo wati aona, ndipo inu mukudziwa kutalika kwa mawu amenewo. Alipo ena ku Bangwe amene ayamba kuwapatsa a Zuze moni wa pakamwa pokha. Ndipo palibe akudziwa, ngakhale madokotala, ngati Fanuwelo tidzamupeze pobwerako. Zikadzavuta ife tili kutali, ndikudziwa amene adzalozedwe chala, ndipo a Zuze nawonso akudziwa. Akupita akudziwa zimenezo.

Mapasipoti tawasiya kuti adindidwe. Ufa ndagayitsa. Alamu ayamba kusoka pomwe tenti inang'ambika.

Inu amene mukuwerenga, kwanuko aliponso munthu amene dzina lake limatchulidwa loyamba zinthu zikavuta. Mukumudziwa, mwina nkhope yake yakufikani kale m'maso. Munagogodapo pakhomo pake kangati muli ndi vuto, zimenezo sindikufunsani. Ndikufunsa ichi: atakuuzani mawa kuti akuchokapo kaye, osati kumaliro, osati ku geni, koma kukangopuma, mudzamufunira ulendo wabwino, kapena mudzamufunsa kuti nanga ife watisiyira yani?